Kukawombola Makina a Amayi

Amayi anga anali telala wopanda sitolo. Ankasokera pakhonde la nyumba yathu, kuseri kwa Chalimbana, pamunda umene bambo anapatsidwa atangofika kuchokera ku Katete. Bambowo anatisiya ndili Fomu 2, ndipo kuyambira pamenepo amene ankatidyetsa anali makina osokera aja, akuda, opondera ndi mapazi. Mayunifolomu a ana a sukulu, mabulauzi oyera a azimayi a kutchalitchi, zigamba za mathalauza a alimi, zonsezo zinkadutsa pansi pa singano imodzi. Makinawo akakhala chete tsiku lathunthu tinkadziwiratu kuti mawa ndiwo ndi nkhwani wopanda mafuta.

Kalata yondiitana ku koleji ya uphunzitsi inafika chaka chimene boma linayamba kunena kuti ogonera komweko azilipirako kangachepe. Kangachepeko kwa ife kanali phiri. Panalinso bokosi lachitsulo, matiresi, mabulangete awiri, nsapato ndi ya basi, pakuti kolejiyo inali kutali, ulendo wa tsiku lonse. Yapafupi ndi kwathu ija nthawi imeneyo inkalandira aphunzitsi oyamba kale ntchito, ndiye ife ana a pakhomo tinkangoionera kumpanda.

Amayi sanachulutse mawu. M'mawa wina anamanga duku n'kupita wapansi ku Chongwe, ndipo madzulo anabwera ndi ndalama pamfundo ya chitenje. Anakongola kwa amayi ena a golosale pamsika, munthu wojintcha, wa mawu omveka tsidya la msewu, amene ankagulanso mtedza kwa alimi n'kumakaugulitsa ku Lusaka. Anagwirizana kuti azitipatsa pang'onopang'ono mpaka ndimalize zaka ziwiri za maphunziro. Ndikamaliza ndigwire ntchito chaka chimodzi, ndipo Seputembala wa chaka chimenecho akadzatha ngongole isanabwezedwe, chikole chidzakhala chawo. Chikolecho chinali makina. Mawa lake ngolo inabwera kudzawatenga, amayi n'kuwafunditsa bulangete lawo lomwe ngati wodwala wopita kuchipatala.

Ine ndinalira zokwanira anthu awiri. Nditapukuta maso ndinafunsa kuti ndalamazo n'zingati, amayi ananena, ine n'kulemba kumapeto kwa kope langa. Akanditumizira zina ndinkawonjezera pomwepo, kujambula mzere ndi rula, kuphatikiza. Masamu ndinkawatha, ndipo vuto langa linali lakuti ndinkadziwa kuti ndimawatha. Sindinafunse china chilichonse.

Nditamaliza maphunziro ananditumiza pasukulu ina ya pulayimale cha ku Palabana, kumene m'mawa uliwonse njinga zonyamula zigubu za mkaka zinkadutsa kuseri kwa kalasi yanga zikuliza mabelu. Anandipatsa kanyumba ka zipinda ziwiri. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ambulera, ndi nsapato za gogoda zimene zinkazama m'matope, koma sindikanazivula ngakhale mutandilipira. Anthu a imvi ankandipatsa moni atawerama pang'ono, "Ba ticha, mwauka bwanji," ine mutu n'kumatupa. Kwathu ndinkapita Loweruka panjinga yobwereka kwa ahedi, n'kukapeza amayi akusoka zigamba pamanja, zala zitathetheka ndi singano. Ndikaona zimenezo mutu uja unkaphwa.

Malipiro anachedwa miyezi inayi, monga ankachedwera kwa aphunzitsi atsopano, ndipo atabwera anabwera onse pamodzi. Ndinapatula zambiri n'kuziika m'kachitini ka koko, kachitiniko m'bokosi, bokosilo pansi pa bedi. Koma zinali zaka zija za chipani chimodzi ndi mizere yambiri. Sopo mzere, shuga mzere, mafuta ophikira mzere, ndipo ukafika kutsogolo unkapeza mtengo si uja unaumva uli kumbuyo. Ndinawerengera n'kuona kuti ndi malipiro okha sindifika. Pankafunika kaganyu kena, koma mphunzitsi wa gogoda angakazinge zitumbuwa pamsewu? Ine ndinkafuna ndalama zobwera mwaulemu.

Kaganyuko kanandipeza kokha. Kuseri kwa sukulu kunkakhala amayi ena a mtundu wa Asoli, a msinkhu wa amayi anga, aafupi, olankhula ngati akukalipa ngakhale pokupatsa moni. Ndinkangowatcha aneba. Amuna awo ankagwira ntchito kumigodi ndipo ankabwera kamodzi pachaka. Tsiku lina masana anandipeza ndikuchonga makope pansi pa mtengo wa mango.

"Ba ticha, nifuna munipunzise kubelenga."

"Kubelenga? Pa msinkhu wanu, amai?"

"Nanga maso yali na msinkhu? Bamuna banga bakalemba nkalata, amene anibelengela ni mlamu wanga. Manje nkhani za mu nyumba yanga zimveka ku chitsime ine nikalibe kuzimvetsa bwino. Nalema."

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Ndinatchula mtengo wa pamwezi ndikuyesa kuti athawa. Anangoti, "Tizaona," n'kumapita. Lolemba anabwera ndi anzawo asanu ndi mmodzi, ndipo pofika sabata yachitatu pansi pa mango paja panalibe pokhala. Wina ankafuna kumadzionera yekha manambala a pasikelo pogulitsa chimanga. Wina ankafuna nyimbo za m'buku, chifukwa kutchalitchi ankangotsatira mapeto a mawu. Wina anatopa ndi kudinda chala pamene anzake akusaina.

Bolodi linali chitseko chakale chimene ndinachipaka makala osinja ndi masamba a mbatata. Choko zinali tizidutswa totsala m'kalasi, ndipo makope awo anali dothi la pansi pa mtengo, cholembera chala. Ana a m'mawa aja ankandiopa, koma azimayiwa analibe nazo ntchito gogoda zanga. Ndikakalipa ankandiyankha. Wina akalemba chilembo chopenya kumbuyo, onse ankagwa nako kuseka, makanda kumsana n'kudzidzimuka n'kuyamba kulira, kalasi yonse kusanduka msika. Tsiku limene aneba analemba dzina lawo lonse osafunsa munthu, anaimirira n'kulizungulira akuvina, akuopseza aliyense wofuna kupondapo. Sindinawauze, koma madzulo amenewo ndi amene ndinkadikira tsiku lonse.

Acheyamani a chipani a m'dera lathu anamva kuti azimayi akusonkhana popanda chilolezo. Anabwera atavala jekete dzuwa likuswa mtengo, n'kuima kumbuyo kuti amve ngati tikunena boma. Anamva a, e, i, o, u kwa ola lathunthu. Pochoka anandikodola n'kunditengera pambali, nkhope ili gwa.

"Ba ticha," ananong'ona, "na bakazi banga bangabwele?"

Mwezi utatha ndinatulutsa tebulo, ndinayala kope, ndinakhala mowongoka ngati kalaliki wa kubanki. Woyamba anatula mazira m'mbale. Wachiwiri dzungu. Wachitatu mbatata. Aneba anapisa dzanja m'chitenje n'kutulutsa msoti wamoyo, miyendo yomanga ndi luzi, n'kuuika pakope langa lenilenilo, ndipo msotiwo sunachedwe kusainapo monga nkhuku zimasainira.

"Amai, ine ninakamba ndalama," ndinatero.

"Ndalama tizazitenga kuti? Iyi nkhuku izakubalilani bana. Ndalama ibala?"

Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha. Ine wa satifiketi, kundilipira ngati sing'anga? Ndinaganiza zowabalalitsa, koma ndinali nditawakonda kale, ndiye ndinangomeza. Mwezi wotsatira zinali zomwezo, wotsatirawonso chimodzimodzi. Misoti inakula, inaikira, inafungatira. Aneba anandimangira khola kuseri kwa nyumba osandifunsa. Nkhuku zinkanditsatira mpaka m'kalasi, tambala wina n'kumalira pawindo ndili pakati pa phunziro, ndipo ana anayamba kunditcha ticha wa nkhuku poyesa kuti sindikumva. Mazira ndinkagulitsa mwakabisira kwa azibambo a njinga za mkaka, pakhomo la kuseri, tindalamato n'kuponya m'kachitini. Nkhukuzo sindinkaziwerengera n'komwe, kwa ine zinali phokoso ndi zitosi basi.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Pakati pa Julayi ndalama za m'kachitini zinafanana ndi nambala ya kumapeto kwa kope, ngwee ndi ngwee. Ndinaziwerenga katatu. Loweruka ndinasita diresi, ndinapukuta gogoda, n'kupita ku Chongwe osauza amayi, kuti akangoona ngolo ikulowa pakhomo. Njira yonse ndinkayeseza nkhope imene ndikaonetse, ya munthu amene ngongole ndi kanthu kakang'ono kwa iye.

Amayi a golosale ndinawapeza akupima mchere. Ndinayala ndalama pakauntala, kope pambali pake.

"Amai, nabwela kuombola mashini ya amama."

Ananyowetsa chala ndi malovu n'kuziwerenga mosapupuluma. Atamaliza anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kugogoda, kenako anaseka chikhakhali mpaka kugwira m'nthiti.

"Mwana wanga, ndiwe ticha zoona? Izi lelo zigula saka imodzi chabe ya nshawa, mwina na katini pamwamba."

"Koma ndiye zamene munapasa amama. Onani, ninalemba zonse."

"Ine sinikongoza mapepa. Amako akabwela, ninali kubapasa mtengo wa saka imodzi ya nshawa zosenda. Anabwela kasanu. Nkongole yanu ni masaka asanu. Funsa aliyense pano pa maliketi, azakuuza kuti ine nipima so."

Matumba asanu a mtedza wosenda! Pakamwa panga panatuluka mawu amene sindinyadira nawo. Ndinawatcha akatapira, ndinati akudyera amasiye masuku pamutu, ndinati ndikawanenera. Anthu anayamba kuunjikana pakhomo. Iwo anangopitiriza kumanga timapaketi ta mchere.

"Nikanasunga nshawa zanga mu nyumba," anatero, "lelo zikanakhala masaka asanu. Nakubela chani?"

Masamu awo anali olondola. Ine ndinkasunga mapepala amene ankaonda tsiku ndi tsiku ali m'kachitini, iwo ankawerengera chinthu chimene thumba lake silisintha. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti wandigonjetsa pamasamu ndi munthu amene pasukulu anangodutsa pakhomo. Ndinatolera ndalama zanga n'kutuluka, ndipo gogoda zija zinkamveka msika wonse.

Ndinapalasa njinga molunjika kwathu. Amayi ndinawapeza akupeta mapira.

"Amama, bwanji simunaniuze za masaka?"

"Unafunsa kuti ni zingati, ninakuuza. Za masaka aliyense adziwa."

Anapitiriza kupeta. Safunsa anadya phula, ndipo phula langa linali lowawa, pakuti kunatsala miyezi iwiri ndi masabata awiri okha. Ndinayang'ana pakhonde, pamalo paja pamene miyendo ya makina inasiya timaenje tinayi m'dothi, n'kuona kuti mwina sadzabwereranso chifukwa cha ine ndi rula yanga.

Lolemba sindinatulutse bolodi. Ndinadzitsekera m'nyumba, azimayi akudikira pansi pa mango. Aneba sanagogode, anangokankha chitseko. Ndinawafotokozera zonse ndikufwenthera, ndipo anamvetsera manja ali m'chiuno.

"Masaka asanu ndiye mulila so? Ine nayesa muntu wafa."

"Amai, nizazitenga kuti? Ndalama zanga zigula saka imodzi."

"Nani wakamba za kugula? Ba ticha, imwe mapunzilo yanakuonongani. Bantu bakolola manje manje, nshawa zili mbwee mu nkhokwe. Ndalama sibazifuna, bazachita nazo chani mu mashopu mulibe vintu? Bafuna sopo, bafuna mchele, bafuna nkhuku yopaila alendo. Nkhuku muli nazo zingati?"

Sindinkadziwa. Tinapita kukhola kukawerenga, aneba akundinyogodola njira yonse kuti mphunzitsi wa masamu sadziwa chuma chake. Zinalipo zambiri kuposa mmene ndinkaganizira, osawerengera anapiye. Kwa nthawi yoyamba ndinaziyang'ana mwaulemu.

Sukulu itatsekera mu Ogasiti ndinatenga ndalama za m'kachitini n'kupita nazo ku Lusaka. Masiku atatu ndinakhala kwa msuweni wanga, ntchito kuima pamizere. Ukamva kuti sopo wafika kusitolo yakuti, thamanga. Ukalandira mitanda iwiri imene ankalola munthu mmodzi, bwerera kumbuyo, vula duku, sintha nkhope, imanso. Ndinabwerako ndi katoni ya sopo ndi mchere wolemera moti kondakitala anafuna kuulipiritsa mpando. Sopoyo aneba anandionetsa kudula ndi ulusi, mtanda umodzi zidutswa zisanu, zofanana ngati zayezedwa.

Ndiye tinayamba kuzungulira midzi. Gogoda zinalowa pansi pa bedi, ndinavala patapata ndi chitenje. Nkhuku zomanga miyendo m'dengu pakaliyala, sopo m'chikwama, aneba kutsogolo, ine kukankha njinga pambuyo. Pakhomo loyamba penipeni anatuluka mwana wa m'kalasi yanga, n'kuima njo ngati ali pamzere wa m'mawa, n'kundipatsa moni, "Mwachoma bwanji, ba ticha," maso ali padengu. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Koma amayi ake anatiyalira mphasa, anatipatsa madzi, n'kutulutsa tini yodzaza mtedza wamakoko posinthana ndi tambala uja wa pawindo. Ndinasangalala kawiri, chifukwa tambalayo ndinali naye chifukwa.

Kutsatsa ndinaphunzira kwa aneba. Ine munthu akati nkhuku yaonda ndinkavomera, mwinanso kupepesa. Iwo ankaikweza m'mwamba, kuipuliza nthenga za pachifuwa kuti mnofu uoneke, n'kumuuza mwini mtedza kuti tini yake ndi yophwanyika m'mbali ndiye awonjezere lichero. Ankakangana ngati amenyana, pomaliza n'kumaseka, kufunsana za ana ndi za maliro a kutsidya. Pofika sabata yachiwiri nanenso ndinkapuliza nthenga. Tsiku lina ndinakana tini ya mayi wina chifukwa pansi anaikapo mtedza wofumbwa, ndipo aneba anandiyang'ana monyadira kuposa mmene aphunzitsi anga a kukoleji anandiyang'anirapo.

Ndikanena zoona, masabata amenewo ndi amene ndinasangalala kwambiri pa utsikana wanga wonse. Ndinada ndi dzuwa, zidendene zinang'ambika, ndinkanunkha nkhuku, koma ndinkadzuka ndikuimba. Midzi imene ndinkangoimva m'kaundula wa sukulu ndinaidziwa ndi mapazi, ndi agalu ake omwe.

Mtedza wamakoko unadzaza chipinda changa chimodzi, ndipo unkafunika kusenda. Apa kalasi ya pansi pa mango inasintha. Aliyense ankakhala ndi mulu wake pamphasa, tikuwaza timadzi kuti makoko afewe, manja akuswa, maso ali pabolodi. Ndikaloza chilembo ankayankha onse pamodzi, makoko akuthetheka ngati mvula padenga la malata. Mkazi wa acheyamani anapeka nyimbo ya ba, be, bi, bo, bu imene inafika mpaka kuchitsime. Choipa chinali chimodzi: pa mtedza khumi uliwonse, umodzi unkalowera kukamwa.

"Amai, mudya nkongole yanga!" ndinkakuwa.

"Tiyesa chabe ngati zauma, ba ticha."

Zala zathu zinatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika, n'kuuma. Thumba loyamba linadzaza, tinalisoka pakamwa tikuimba nthungululu. Lachiwiri linadzaza. Lachitatu linavuta, chifukwa mtedza ukasendedwa umachepa mochititsa manyazi, chipinda chonse chija n'kusanduka kamulu. Nkhuku zinatha, kunangotsala anapiye ndi make mmodzi. Sopo anatha. Malipiro a Ogasiti ndinagulira matini ena ochepa. Seputembala akupita kumapeto ndinali ndi matumba atatu ndi theka la tini, ndipo m'midzi mtedza wotsala unali wambewu, umene munthu sangakupatse ngakhale utamugwadira.

Atatu si asanu, masamu amenewo sanafune rula. Ndinakonza mawu okapepesera. Ndinati ndikagwada, ndikapempha kuti andidikire mpaka kukolola kwina, ndikavomera kuti ndinalankhula zachipongwe. Ndinkadziwa kuti akhoza kukana, ndipo akanakhala ndi chifukwa, pakuti munthu amene unamutcha katapira pamaso pa anthu sakhala ndi ngongole ya chifundo kwa iwe. Ndinkaopa kwambiri.

Loweruka lomaliza la mweziwo aneba anandipezera ngolo. Tinakweza matumba m'mamawa n'kudzera kwathu kukatenga amayi. Ndinawapeza atavala kale chitenje chawo cha kutchalitchi, nkhope ili phee ngati akupita kuukwati. Ndinawauza kuti matumba ndi atatu okha. Anati, "Tiye," n'kukwera. Njira yonse ankacheza ndi woyendetsa ngolo za mitengo ya feteleza, ndipo kudekha kwawoko kunkandinyansa.

Amayi a golosale anamasula thumba lililonse, kupisa mkono mpaka m'chigongono, kutulutsa mtedza wa pansi, kuuluma. Anapachika matumbawo pasikelo limodzilimodzi. Anagwedeza mutu.

"Nshawa zabwino. Atatu."

Ndinagwada pasimenti, ine amene ndinali ndisanagwadirepo munthu wa pamsika. Ndinayamba mawu anga aja, koma ndisanafike pakati anandidula.

"Imilila iwe, uzadetsa chitenje. Bwela uone."

Anakankha chitseko cha chipinda cha kumbuyo. Makina anali pafupi ndi windo, osafunditsidwa, akunyezimira mafuta. Pansi panali tizidutswa ta nsalu, ndipo pansi pa singano panali yunifolomu yosoka theka. Kasokedwe ka kolala kameneko ndikanakazindikira pakati pa makolala chikwi.

"Amako abwela kuno Chinayi chilichonse," anatero amayi a golosale, "kuchokela chaka chija unayenda ku koleji. Asokela makasitomala banga, ine nichotsa pa nkongole. Masaka awili anasila kudala na mapazi yao. Yako atatu aya, nkhani yasila. Tengani mashini yanu, inichepetsela malo."

Ndinatembenuka kuyang'ana amayi. Lachinayi lililonse, zaka zitatu, wapansi kuchokera ku Chalimbana mpaka ku Chongwe ndi kubwerera, mvula ndi dzuwa, kukaponda makina awo omwe m'nyumba ya eni. Ine ndikubwera Loweruka ndi ambulera yanga, kumadziona ngati ndasenza ndekha katundu wa banja lonse. Manyazi ndi chimwemwe zinandigwira nthawi imodzi, moti sindinadziwe choyamba n'chiti.

"Amama, bwanji simunakambe?"

"Ukanadziwa kuti atsala atatu, ukanabweletsa awili. Ndine ninakubala."

Amayi a golosale anaphulika nako kuseka, woyendetsa ngolo pakhomo nayenso, mpaka ine ndemwe, misozi ikutsika. Ndinawapepesa amayi a golosale pa mawu anga aja. Anati anamvapo oposa amenewo kwa anthu ovala bwino kuposa ine, ndipo theka la tini lija anandibwezera kuti ndikakazinge.

Tinkati tinyamule makina, amayi anatiletsa. Anati yunifolomu ya mwana wa eni siingatsale ndi kolala yosamaliza. Anakhala pampando, anavula patapata, anaika mapazi pachopondera, n'kugwira gudumu. Tonse tinaima kudikira, ng'ombe zikupukusa michira panja, mpaka anadula ulusi ndi mano, kupinda yunifolomuyo n'kuipereka.

Pobwerera anakana kukhala kutsogolo. Anakhala kumbuyo kwa ngolo atakumbatira makina, akukalipira woyendetsa pa dzenje lililonse. Titakhota kulowa njira ya kwathu anaimba nthungululu imodzi yaitali, ndipo azimayi anatuluka m'makomo, ena ndi mitondo yosamaliza, kutiperekeza mpaka pakhomo. Tisanatsitse n'komwe wina anali atabwera kale ndi thalauza long'ambika la amuna ake.

Tinawaika pakhonde. Amayi anawapukuta fumbi la m'njira, analowetsa ulusi, anakokera mpando pafupi. Aliyense ankadikira kuti akhale. Koma anaima pambali n'kundiyang'ana.

"Iwe walipila atatu, ine awili. Mwini mashini ndiwe. Khala apa."

Ndinali ndisanasokepo chilichonse pamakina amenewo. Ndili mwana ankandiletsa kuwagwira, nditakula ndinkadziona wa mabuku. Ndinakhala pansi anthu onse akuonerera, ndinaika mapazi anga ong'ambikawo pachopondera, n'kuponda mwamphamvu. Gudumu linabwerera m'mbuyo, ulusi n'kuduka, khonde lonse n'kufa nako kuseka. Amayi anandimenya kambama pabondo, anawerama n'kulowetsanso ulusi, kenako anagwada pansi, anagwira akakolo anga ndi manja awo onse awiri, n'kuyamba kundipondetsa pang'onopang'ono.